Mawu a Mayi Nachisale Tinawasunga ndi Pulogalamu Yaulere

Moni abale ndi alongo nonse amene mumanditsata pano. Lero ndikuuzeni za nthawi imene situdiyo yanga inakhala chete, ine n'kutsala pang'ono kuba kuti ndijambule nyimbo za Mulungu.

Ndili ndi kasitudiyo ku Senga Bay komwe ndimajambula makwaya. Pulogalamu yojambulira mawu imene ndinkagwiritsa ntchito pa kompyuta ndi yakunja, yolipira chaka ndi chaka. Chaka chimenecho mtengo unakwera, msonkho n'kusanjikizidwa pamwamba. Msonkho sindidana nawo ayi, mankhwala a kuchipatala amachokera komweko. Koma thumba langa linakana, ndipo pulogalamu inadzitseka.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinali nditalonjeza kwaya ya amayi a ku Chitala kuti ndidzawajambulira nyimbo zawo. Mtsogoleri wawo, Mayi Nachisale, ndi amene anapeka nyimbo zawo zonse, ndipo ankayembekezera opaleshoni ya pakhosi ku Lilongwe. Madokotala anawauza poyera kuti mwina sadzaimbanso. Iwo ankangofuna kuti mawu awo atsale penapake.

Mnzanga wa situdiyo ina ku Salima anandipatsa fulashi yokhala ndi pulogalamu yobedwa, akuti chibwerereni msonkho aliyense akutero. Ndinaiika patebulo, ndikuiyang'ana, mtima ukunditsutsa. Nyimbo zotamanda Mulungu ndijambule ndi chida chakuba? Koma ndikakana, mawu a mayi aja apite? Ndinagwada n'kupempha Ambuye ndalama. Sananditumizire ngakhale tambala.

Amene anabwera ndi Che Yusufu, Msilamu wokonza mainjini a maboti, kudzabwereka chingwe cha maikolofoni. Ataona nkhope yanga anafunsa, ine n'kuwafotokozera.

"Achimwene, mukulira ndi zimenezi?" anatero. "Ife kaswida, nyimbo zathu za kumadrasa, timajambula ndi pulogalamu yaulere. Si yakuba ayi, eni ake anaipanga dala kuti aliyense atenge. Ilibe mtengo, ndiye msonkho ugwira pati?"

Ndinaseka. Kwathu kuno chinthu chaulere timachikayikira, timati mwina n'chachabechabe kapena pali msampha. Ine kale ndinkaona ngati situdiyo yeniyeni ndi ya pulogalamu yodula basi. Msonkho ndi umene unandifinyira pakona mpaka ndinaona kuti pakati pa kuba ndi kutseka situdiyo pali njira ina.

Che Yusufu anandiikira pulogalamuyo, manja ali ndi girisi, akuti Inshaallah zitheka. Sizinali zophweka. Mabatani anali achilendo, ndipo tsiku lojambula ndinafufuta ndime yonse mwangozi. Amayi aja anandiseka kuti katswiri wasanduka mwana wa sukulu, kenako anaimbanso mokoma kuposa poyamba. Tinamaliza nyimbo zonse. Fulashi ija ndinabweza kwa mwini wake osaitsegula.

Opaleshoni inayenda bwino, Mayi Nachisale ali moyo, koma masiku ano amangonong'ona. Atachira anabwera ku situdiyo, ndinawaikira nyimbo yoyamba. Anamvetsera atatsinzina, misozi ikutsika, kenako ananong'ona kuti, "Mwanawe, ameneyo ndine?"

Ndikuthokoza Mulungu amene anandimana zimene ndinapempha n'kundipatsa zimene zinkafunika. Inu amene mwafinyika lero, musathamangire njira yokhota. Pitirizani kupemphera, ndipo wina akagogoda kudzabwereka chingwe, mutsegulireni.