Dzanja Langa pa Mpando wa a Jailosi

Ndisananene chilichonse, ndiyamike. Ndikuyamika Mulungu amene wandisungira mpweya, amene wandiimika pamaso panu lero mutu wanga uli chidzukire. Abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye Yesu. Ine ndine Rozina. Ambiri mumandidziwa kuti mtsikana wa mipando. Ena munandidziwa ndi dzina lina, ndipo dzina limenelo ndi limene landiimiritsa pano.

Mayi anga anabwera kuno ali mtsikana, pothawa nkhondo kwawo ku Mozambique, ndipo anatilera ndi geni ya tomato. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinangokhala pakhomo. Ndiye a Mayi Kanyoza, amene amakonza misonkhano ndi maukwati pano pa boma, atanditenga kuti andiphunzitse ntchito, ndinati Ambuye mwanditsegulira khomo.

Ntchito imeneyi anthu amaiyesa ya maluwa ndi maliboni. Ayi. Upeze holo. Ufunse ngati jenereta ili ndi mafuta, poti magetsi amakonda kuzima mlendo wolemekezeka ali pakati pa mawu. Usite nsalu zoyera zokutira mipando mpaka msana kuwawa. Udziwe amene akhale kutsogolo, amene akhale pambuyo pake, ndi awiri amene sayenera kuyandikana. Ophunzira tinalipo awiri, ine ndi mnzanga Tadala.

Tsono ine ndinali ndi chizolowezi changa. Tikamaliza kuyala holo, anthu asanalowe, ndinkapita pa tebulo la kutsogolo, n'kusanjika dzanja pa mpando uliwonse, n'kupempherera munthu amene akhalepo. Motsitsa mawu. Ndipo pemphero la pansi pa mtima limanditulukira m'Chinyungwe, chifukwa ndi mmene mayi anga anandiphunzitsira kugwada. Ndinkadziwa kuti Atate amaona zobisika. Sindinaganize kuti pawindo palinso maso ena.

Kunabwera msonkhano wa alimi a manachesi. Ena anachokera ku Thambani, ena kwa Nthache, ena maofesala a pa boma. Mtsogoleri wa alimiwo anali a Jailosi, bambo wachikulire wa ku Thambani, ndipo mpando wawo unali wa pakati. Msonkhano unayenda bwino mpaka nthawi ya tiyi itadutsa. A Jailosi anaimirira kuti ayankhule. Anagwira tebulo. Mawu anayamba kulemera. Kenako anagwa, n'kukokera pansi nsalu yonse ndi mabotolo a madzi.

Anawanyamulira kuchipatala, poti sipatali. Ife tinatsala tikutola mabotolo. Ndi pamene ndinazindikira kuti m'holo mwakhala chete wachilendo. Mayi wina anandiloza ndi chibwano. Bambo wina anabwera, n'kukweza nsalu ya mpando uja ndi kamtengo, osaikhudza ndi dzanja, n'kusuzumira kunsi. Sanapezepo kanthu. Koma abale, munthu akakukayikira, kusapeza kanthu kumangomuuza kuti unabisa bwino.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kumsika. Ati mtsikana uja anaoneka m'mawa atagwira mpando wa a Jailosi, akunong'ona m'chiyankhulo cha kutsidya. Ati anachita kutumidwa ndi ofuna utsogoleri. Ati mankhwala a kwawoko sabwerera chabe.

A Mayi Kanyoza anandiitana m'chipinda chosungira matenti. Anandifunsa ngati zinali zoona kuti ndimayankhula ndi mipando. Ndinati ndimapemphera. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Rozina, ine sindikuti unachita. Koma amene anabuka ukwati wa Loweruka aimba kale kuti ngati iwe ulipo, mipando yanga saifuna. Kapume kaye.”

Kupuma kwake kunalibe tsiku lobwerera.

Abale ndi alongo, njala ndimaidziwa, koma kukayikiridwa kumaposa njala. Tomato wa mayi anga anayamba kuwolera pa benchi. Pa mjigo, mayi wina anatsuka chogwirira nditachokapo. Ngakhale m'nyumba muno, ndinena mosabisa ndipo sindikuloza munthu: Lamulungu lina ndinapukuta mabenchi monga mwa masiku onse, ndipo benchi imene ndinakhalapo inatsala ya ine ndekha, anthu atapanikizana kumbuyo.

Nanenso maso anga anasanduka. Tadala akandipatsa moni, ndinkamvamo msampha, poti ndi iye ankadziwa bwino chizolowezi changa. Mlonda wa holo ija akandiyang'ana, ndinkati ndi ameneyu. Munthu akandisekerera, ndinkafunsa mumtima kuti wamva chiyani. Ndinafika poopa kupemphera. Ndikagwada, ndinkayamba ndatseka windo. Ndinalira kwa Mulungu kuti, Ambuye, ndinabisa pemphero langa kuti likhale lanu nokha, nanga mwaloleranji kuti lisanduke mlandu wanga? Kumwamba kunali zii. Mayi anga okha ndi amene ankati Mulungu amene anawaolotsa malire usiku ndi usana zipolopolo zikulira sanayambe wagonapo.

Masana ena ndikuchapa, kabaza anaima pakhomo pathu. Anatsika a Jailosi, ataonda, akutsamira ndodo, mkono umodzi utalendewera pang'ono. Ndinayang'ana kumsewu kuona ngati akubwera ndi anthu ena. Anthu oyandikana nafe anayamba kusesa pabwalo posesedwa kale.

Mayi anga anawatulutsira mpando. Ine ndinaima patali, manja kumbuyo, kuti wina asadzanene kuti ndaukhudza. A Jailosi anaona zimenezo. Anati auikenso pamthunzi, ndipo ndiuike ineyo. Ndinakana. Anaumirira. Ndinaunyamula ndi nsonga za zala, iwo n'kukhalapo.

Anatiuza kuti madokotala anapeza kuti magazi awo akhala akuthamanga kwambiri kwa nthawi yaitali iwo osadziwa, ndipo akanagwera kumunda kwawo ku Thambani, kutali ndi msewu, bwenzi tikunena zina. Kenako anati amva zambiri za ine, kwa anthu amene amawafunira zabwino, ndipo ena akuwalimbikitsa kuti akasume. Anati sanafune kusuma asanamve okha.

“Mwanawe, nena zimene unanena pa mpando wanga. Usamasulire. Unene mmene unanenera.”

Ndinaona kuti msampha wake ndi umenewu. Ndikanena, ati wavomera. Ndikakana, ati akubisa. Ndinayang'ana mayi anga. Iwo anangogwedeza mutu. Ndiye ndinatseka maso, n'kunena mokweza, m'Chinyungwe, anthu osesa aja akumva. Ndinapempha kuti wokhala pa mpando uwu Mulungu amusunge potuluka ndi polowa, amupatse mawu a mtendere, ndipo akagwa asagwere patali ndi dzanja lomudzutsa.

Nditatsegula maso, a Jailosi ankapukuta nkhope ndi chipewa. Anandiyankha m'Chinyungwe. Abale, m'Chinyungwe! Bambo amene Thambani yense amamudziwa ngati wa konkuno anaoloka malire omwewo ali mnyamata, mayi ake atatsalira m'njira. Anati chichokereni sanamvepo munthu akuwapempherera m'chiyankhulo cha mayi awo.

Sanathere pamenepo. Mwana wawo wamkazi anali ndi chinkhoswe, ndipo anapita okha kwa a Mayi Kanyoza kukanena kuti ntchito aipereka pokhapokha mipando ikayalidwa ndi Rozina. Tsiku la chinkhoswelo, anthu atadzaza tenti, anatenga chimkuzamawu n'kundiitana kutsogolo. Ndinasanjika dzanja pa mpando wawo, n'kupemphera anthu onse akuona, iwo n'kukhalapo oyamba.

Panopa ndinabwerera pa ntchito. A Mayi Kanyoza ayamba kundisiyira misonkhano ing'onoing'ono kuti ndiyendetse ndekha. Amene anandiona pawindo uja sindikumudziwa mpaka pano, ndipo ndinasiya kumufufuza. Ndi Tadala timanyamula matebulo limodzi. Sindikunamizani kuti zonse zinatha. Alipo amene amalowa m'holo, akandiona, amasinthanitsa mpando wawo ndi wa pambali. Ndimangowaona. Sadziwa kuti wa pambaliwonso ndinaupempherera, ndipo masiku ano ndimapemphera zitseko zili pululu, mawu akumveka.

Tsono inu amene mwakhala pa mabenchi awa, amene ndawapukuta m'mawa uno: Ambuye akusungeni potuluka ndi polowa. Akutchinjirizeni ku lilime la anthu, ndipo atchinjirize anthu ku lilime lanu. Mukadzagwa, musadzagwere patali ndi dzanja lokudzutsani. Mtendere wa Ambuye Yesu ukhale pa inu ndi pa nyumba zanu. Ameni.