Singano Inali pa Makina

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1961, achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu anailekeza mu 1978, poti eni ake ankati manja awo ankathamanga kuposa mutu. Utelala anauphunzira pakhonde la sitolo ya amalume awo, ndipo ambirife lero tavala zosoka zawo. Enanu munadikirapo thalauza mpaka kuiwala mtundu wake, pakuti mawa la malemu linali lalitali, koma msoko wawo sunkamasuka.

Mu 1986 anakwatira mlamu wathuyu, ndipo anadalitsidwa ndi ana anayi.

Mu Malichi chaka chatha mutu unayamba kuwasautsa. Madokotala anapeza kuti mtsempha wa magazi m'bongo watupa, ndipo mu Juni anaikamo kachubu ka waya kouchirikiza. Anawapatsa mapiritsi oletsa magazi kuundana pa kachubuko, oti azimwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Tonse tikudziwa kuti malemu ndi mankhwala sankamwerana madzi. Choncho mlamu anapeza nzeru: malemu akaweruka, iwo ankazula singano pa makina n'kuimangirira pansonga ya mpango. M'mawa singano inkabwerera pokhapokha piritsi litamezedwa iwo akuona. Malemu ankang'ung'udza kuti anakwatira wapolisi, koma ankameza.

M'mawa wa pa 14 Febuluwale chaka chino malemu anagwa akusoka, mbali ya kumanja itafa. Magazi anali ataundana pa kachubu kaja. Anatisiya pa 19 Febuluwale.

Abale, manong'onong'o akuti mlamu anatayirira mankhwala atifika, ndipo atipweteka mtima. Eni akewo sakudya, akungosakasaka tsiku limene anaphonya. Madokotala atayeza magazi anatifotokozera kuti pali anthu ena amene thupi lawo silimva mankhwalawa ngakhale amwe mokhulupirika, ndipo malemu anali mmodzi mwa iwo. Mlamu, pukutani misozi, palibe tsiku limene munaphonya. Pamene tinkawanyamula malemu m'mawa umene anagwa uja, singano inali pa makina, ulusi uli momwemo.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi alongo awo awiri. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, atelala anzawo amene amaliza zovala zomwe anasiya theka, ndi inu nonse mwabwera kudzatipepesa.

Mzimu wa achimwene athu uuse mumtendere.