Galimoto Yozima pa Geti Limodzi

Anthu ena amabisa chinsinsi mumtima, koma Danieli chake anachibisa mu injini: masana alionse pochokera ku Limbuli kotula zinanazi, galimoto yake inkazima pa geti la kwawo kwa Doris ku Chinakanaka, iye n'kutsika, kutsegula boneti, n'kumayang'ana kumpanda m'malo moyang'ana injini. Tsiku lina chiperoni chikutsetsereka m'phiri, getilo linatseguka, ndipo Doris, wokonza mafoni pamsika, anatuluka atakumbatira laputopu ndi chingwe.

"Mwaswera bwanji, a Danieli? Yazimanso?"

"Yazima, achemwali. Koma musavutike, ilira yokha."

"Ndikudziwa. Imalira ndikangolowa m'nyumba." Doris anatsegula chitseko cha dalaivala n'kugwada. "Pepani, ndikufuna kabowo ka pansi pa chiwongolero."

"Kabowo ka chiyani?"

"Kolumikizira kompyuta ya galimoto. Muli kabokosi umu kamene kamauza injini mafuta oti imwe ndi nthawi yoti iyake. Ndikufuna kumva zimene kakudziwa."

Danieli anasuzumira pansi pa chiwongolero. "Kamadziwa zinthu?"

"Zambiri."

"Monga ziti?"

"Chilichonse chimene chinalakwika, kamasunga."

"Ayi ndithu, galimoto yanga siyankhula ndi alendo." Danieli anaima pakhomo pa galimoto, manja m'chiuno. "Ndi yamanyazi."

"Si mlandu, sindiyifunsa ndi pakamwa." Doris anali atalumikiza kale. Anayang'ana pa laputopu, nkhope ili gwa. "Hmm."

"Hmm chiyani?"

"Ikuti ilibe vuto."

"Yabodza imeneyo!"

"N'zimene ndimaganiza nanenso. Ndiye tilowe m'kati mwenimweni." Anatulutsa sikuludalaiva m'chitenje. "Pulogalamu ya m'kabokosimu analemba ndi anthu a kutali, ndipo buku lake sapereka. Ndiye timayamba chobwerera: timakopera zonse, n'kumaona zochita zake mpaka titadziwa maganizo ake."

"Maganizo akenso? Iii, koma abale! Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Pa intaneti. Ndangoyamba kumene. Lamulo loyamba ndi lakuti usanasinthe kanthu, kopera zonse, usunge pabwino."

"Musunge kuti?"

"Mu laputopu. Kwinanso mu foni ya amayi, kuopa kutayika."

"Ya amayi anu!" anatero Danieli. M'maganizo mwake anaona mayi a Doris atakhala pakhonde ndi anzawo a chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, akuwerengerana maulendo ake onse. "Achemwali, zinazi ndi za munthu mwini."

"Si za munthu, ndi za injini."

"Injiniyo imayenda ndi munthu."

"Eya. N'chifukwa chake ndikufunsaninso inu." Anamasula kabokosi kachitsulo, n'kukaika pa mpando, n'kukalumikiza ndi timawaya topita ku batire laling'ono. Pa laputopu panadzaza manambala ndi zilembo, mizere mizere ngati tiyi wa ku esiteti. "Taonani kukongola kwake."

Danieli anasuzumira ndi diso limodzi. Sanamve kanthu, koma zinkaoneka zambiri kwabasi, zokwana kulembamo masana onse amene anaima pa getilo, ndi nyimbo imene ankaimba chamumtima pobwerera.

"Zonsezi yalemba ndi galimoto yanga?"

"Zonse. Apa manambala akukwera mwadongosolo, ndiye kuti mwina ndi mndandanda wa mafuta. Apa sindinadziwebe. Koma ndidziwa."

"Musadziwe."

"Ndiyenera. Vuto lanuli ndi lachilendo, a Danieli. Galimoto imakwera chitunda cha ku Muloza itasenza zinanazi osatsokomola, koma ikafika pano, pamalo osalala, zii."

"Ndi mphepo ya m'phiri."

"Ndinayeza. Kutenthe, kuzizire, imazima."

"Ndi mafuta a m'zigubu."

"Munathira a pa filing'i Lolemba. Ndinafunsa."

"Munafunsa?"

"Kafukufuku." Doris sanaphethire. "Chondizunguza mutu ndi ichi: sabata imene ndinapita ku maliro ku Phalombe, amayi akuti inkangodutsa, fyuu. Nditabwera, yayambiranso."

Danieli anayang'ana kuphiri. Phiri linali litabisala m'mitambo, losafuna kukhala mboni.

"Ndiye ndinaganiza kuti mwina foni yanga ikusokoneza kabokosika," anapitiriza Doris. "Ndinaisiya kumsika dzana. Munazimabe."

"Mwina ndi diresi lanu lachikasu lija," anatero Danieli, mawu atathawa okha.

Doris anaganiza mofatsa. "Ayi. Kabokosika kalibe maso."

"Kalibe maso?"

"Ngakhale makutu."

"Nanga misewu? Kamadziwa kumene ndinapita? Pamene ndinaima?"

"Kangadziwe bwanji? Kamangodziwa mpweya, mafuta ndi kutentha."

Mtima wa Danieli unakhala pansi. Anapukuta thukuta, n'kuyamba kumwetulira. Chinsinsi chinali chikadali chake.

"Ndiye kabwezeretseni, ndizipita."

"Ayi. Poti sindinapeze, ndifufuta pulogalamu yonseyi ndilembemo ina imene ndapeza pa intaneti. Ndione ngati izimabe."

"Munayesapo?"

"Pa kabokosi ka galimoto yakufa, kawiri."

"Zinatheka?"

"Kachiwiri kanatuluka utsi wochepa kusiyana ndi koyamba." Chala chake chinayandikira batani la pa laputopu. "Musaope. Ndikayesa kachitatu ndiye kuphunzira."

"Dikirani!"

"Nthawi ikutha, a Danieli."

"Ndimazimitsa ndine!" Mawuwo anamveka mpaka kwa ogulitsa mandasi tsidya la msewu. "Ndi kiyi! Ndi dzanja ili! Ndikafika pano ndimapotokola kiyi, basi!"

Doris anachotsa chala pa batani. Anayang'ana dzanjalo, anayang'ana kiyi, anayang'ana kabokosi.

"Chifukwa chiyani?"

"Kuti ndikuoneni mukuanika zovala."

"Bwanji osangogogoda?"

"Pakamwa pamauma."

"Ndiye galimotoyi ilibe vuto?"

"Ilibe."

"Ngakhale pang'ono?"

"Wayipa yopukuta galasi ya kumanzere yokha."

Doris anakhala pa mpando wa dalaivala, nkhope yake ngati ya munthu amene wamva kuti mayeso aimitsidwa. "Ndinagula chingwe ichi ku Limbe chifukwa cha inu. Ndaphunzira kuwerenga manambala awa mpaka maso kuwawa. Ndinkati ndapeza vuto loti dziko lonse silinalionepo."

"Pepani, achemwali."

"Musapepese. Vuto lapezeka, kungoti silili m'kabokosi." Anazula timawaya, n'kukulunga kabokosiko m'chitenje mosamala ngati dzira. "Ndipo lotere sindikonza ine. Amakonza ndi amalume anga a Simon, ku Thuchila. Mukawapeze Loweruka, mutenge ndi amalume anu."

Danieli anayang'ana kumwamba. Chiperoni chinali chitayamba kuwaza, ndipo kwa iye dontho lililonse linkalira ngati nthungululu.

"Loweruka," anatero pomaliza. "Ndipita! Ndipatseni kabokosiko ndikatsuke galimoto."

"Kabokosi mudzatenga mukabwerako."

"Nanga ku Thuchila ndikafika bwanji?"

Doris anali atafika kale pa geti. Anatembenuka, nkhope ili gwa ngati poyamba.

"Kwerani kabaza, a Danieli. Njinga siizima pa geti la munthu."