Mbiri ya a Gabrieli Namaona, amene anatsala ndi mayi

Malemu a Gabrieli Namaona anabadwa pa 9 Epulo 1974 ku Milanje, tsidya la Muloza. Mu 1986 nkhondo inatiwolotsa mtsinje, bambo athu titawasiya m'manda okumbidwa ndi anthu osawadziwa. Chaka chomwecho, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, malemu analonjeza mayi athu a Eufemia kuti sadzawasiya okha, ndipo tsiku lawo likadzakwana, owaika adzakhala iwowo.

Anaphunzira pa Limbuli pano, nalemba mayeso a Folomu 4 mu 1994. Amene ankakhoza m'kalasi anali iwo, osati ine Simon mng'ono wawo. Koma ine ndinapita ku Joni, iwo anatsala. Ntchito inawaitana ku Lilongwe kawiri, kawiri konse anakana. Anakhala kalaliki wa sikelo kumunda wa tiyi mpaka imvi.

Mu 1999 anakwatira mayi Stella. Ukwatiwo ndinauonera pa chithunzi. Ndabwerako patatha zaka makumi atatu. Mitengo ya mkungudza m'phirimu ndapeza zitsa, anzathu ndapeza mitanda.

Mu Janyuwale chaka chino anayamba kutupa miyendo. Madokotala anati chitetezo cha m'thupi mwawo chatembenukira impso zawo zomwe. Mu Malichi tinawaitanitsa, akukana, kuchipatala cha ku Joni, kumene makina amachotsa madzi a m'magazi n'kuthiramo ena. Koma mankhwala oletsa magazi kuundana m'mapaipi amasanduka soda m'thupi. Impso zabwino zimataya sodayo ndi mkodzo, zawo sizinkatha. Magazi ankakhala ngati thelere lopyola chidulo. Zala zinkapindika, milomo dzanzi, mpweya n'kumachepa. Akaimitsa makina, matenda ankadya impso. Akawabwezerapo, soda inkakwera. Madokotala anasintha mankhwala, anayesa zonse. Malemu kukwera basi yobwerera kuno sakanatha, kukhala ku Joni sankafuna. Funso lawo linali limodzi: ngati alipo amene wawawazira mayi nkhuni.

Anatisiya pa 2 Meyi, m'chipinda choti windo lake linapenya khoma.

Asiya mkazi, ana awiri, Tamanda ndi Kondie, mdzukulu mmodzi, ndi ine. Tithokoze a mpingo, adzukulu okumba manda, anzawo a ku tiyi, ndi Amalawi a ku Joni amene anathandiza kuti thupi lifike kwawo. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Asiyanso mayi athu a Eufemia, a zaka makumi asanu ndi atatu, amene akhala apo pamkeka. Lero ndi mayiwo akuika a Gabrieli.