Dzanja langa limene ndinkati lagwidwa ukapolo kuchigayo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine Nachisale, kwathu ndi kufupi ndi Mitundu koma ndinakwatiwa ku Nathenje. Ndinaduka dzanja lamanja, ndipo mantha amene anabwera pambuyo pake anatsala pang'ono kundichimwitsa tchimo lalikulu.

Chinali chaka chotsatira chija tinavotera boma la zipani zambiri. Ndinapita kukagayitsa chimanga pa chigayo cha a Saidi, bambo wachisilamu wosalankhulalankhula. Chitenje changa chinakodwa ku lamba wa chigayo, ine n'kuchithamangira ndi dzanja. Zimene zinatsatira sindizikumbuka bwino. Ndinatsitsimukira kuchipatala, mkono atauduliratu m'munsi mwa chigongono. Mwa mwambo wathu chiwalo cha munthu sichitayidwa wamba, choncho alongo anga a Lufeyo analikulunga dzanjalo mu nsalu, n'kupalasa nalo njinga mpaka kwathu, kukalikwirira m'mbali mwa manda.

Bala linapola, koma dzanjalo silinachoke. Ndinkalimva ndithu, zala zonse zisanu zitafumbata zolimba, zikhadabo zikulowa m'chikhatho. Ndikayang'ana, panalibe kanthu. Chigayo chikangoyamba kulira m'mawa, dzanja losaonekalo linkanjenjemera ngati lagwira chitsulo cha injini. Ndinkachita mantha moti chakudya sichinkatsika, ndipo njira yodutsa pachigayopo ndinaisiya.

Masiku amenewo pakamwa pa anthu panali patangomasuka, ndiye mphekesera nazo zinamasuka. Kumsika kunkamveka za ofukula manda, ndiponso zoti chigayo sichiyenda bwino popanda kukhwimira. Ndinalakwa poulula zimene ndinkamva kwa alongo anga, munthu wa mtima wapachala.

"Mlongo, dzanja lanu lili pa ntchito," anatero. "Anakalifukula, ndi limene likuyendetsa chigayo chija. Loweruka likubwerali ndichitentha, mupume."

Anagula petulo m'kachigubu n'kukabisa kuseri kwa nkhokwe yathu. Ine sindinawaletse, ndivomere poyera, chifukwa nane ndinkakhulupirira zomwezo. Komabe mtima unali m'mwamba. Ndinkadziwa kuti m'chigayomo mumagona mlonda, ndiponso kuti anthu akawagwira alongo angawo sawasiya amoyo. Ndinasala kudya masiku awiri ndikupempha chinthu chimodzi chokha: Ambuye, chotsani kumva kumeneku lisanafike Loweruka. Ndimati ululu ukatha ndiwauza kuti basi, zatha. Koma m'malo moti uthe, zala zija zinafumbata kuposa kale, ndipo ndinaganiza kuti Mulungu wandifulatira.

Lachinayi m'mawa galimoto ya a Saidi inaima pakhomo pathu. Ndinati abwera kudzatenga dzanja linalo. Anakhala pansi patali, chipewa chili m'manja, n'kufotokoza kuti kuchipatala cha mishoni kumene ankaperekako ufa kwabwera madokotala akunja oika ziwalo zochita kupanga. "Mayi, chichitikireni ngozi ija mtima wanga sunakhazikike," anatero. "Ndakulembetsani dzina. Tiyeni mukaonane nawo." Ndinakana kawiri. Alongo anga, amene anali atafika kale kudikira Loweruka, ananena kuti tipite onse, akaone okha chimene munthuyu akufuna.

Kuchipatalako tinapeza dokotala wamkazi ndi namwino womasulira. Funso loyamba linali lakuti, kodi zala za dzanja lodukalo mumazimvabe? Ndinatsala pang'ono kunama, poopa kuti anditenga ngati wamisala. Nditavomera, dokotalayo anamwetulira ngati ndamuuza nkhani yabwino. Anandimata tizitsulo tiwiri tonga mabatani pa mkono wotsalawo. Mawaya ake anapita ku dzanja lapulasitiki limene linali gone patebulo.

"Fumbatani dzanja limene kulibelo," anatero namwino.

Ndinafumbata, ndipo dzanja la patebulo lija linalira pang'ono n'kufumbata lokha. Ndinakuwa, abale, ndinakuwa mpaka odwala a panja anasuzumira. Alongo anga anali atathawira kale pachitseko, mwamuna uja wa petulo.

Namwino anatikhazika pansi n'kutifotokozera mofatsa. Anati ubongo sudziwa msanga kuti dzanja linachoka, ndiye umangotumizabe mauthenga kudzera m'mitsempha, monga munthu wolembera kalata m'bale wake amene anasamuka. Mauthengawo amathera m'minofu ya mkono wotsala, ndipo tizitsulo tija timawamva n'kuuza dzanja lapulasitikilo chochita. Anawonjeza kuti ambiri oduka chiwalo amamva zomwezi, ngakhale amene sanapondepo pachigayo.

Alongo anga sanakhutire. "Ndiye akuliyendetsa ndani?" anafunsa.

"Eni ake, awa ali apawa. Auzeni inuyo chochita muone," anayankha namwino.

Alongo anga ananena kuti nditambasule. Ndinayesa kangapo, thukuta lili kamukamu, kenako zala zapulasitiki zinatseguka pang'onopang'ono. Nthawi yomweyo ndinamva zala zanga zosaoneka zija zikumasuka, koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri. Ndinalira ngati mwana. Dzanja langa silinali kapolo wa munthu aliyense, linkangodikira kuti mwini wake ndilitume.

Titabwerera kunyumba madzulo, a Lufeyo anazungulira kuseri kwa nkhokwe n'kutulukira ndi kachigubu kaja. Anapatsa a Saidi ndi manja awiri, maso ali pansi. "Thirani m'galimotomo, mwatentha mafuta ambiri lero." A Saidi anathokoza kwambiri, osadziwa kanthu.

Dzanja lapulasitiki lija anandiika, koma sindikunamizeni kuti ndi lofanana ndi lobadwa nalo. Ndi lolemera, silifuna madzi, khasu silingathe, ndipo mazira amene ndinaswa pophunzira ndi ambiri ndithu. Ululu nawo umabwerabe nthawi zina. Koma limagwira mbale ndikamatsuka ndi lamanzereli, limagwira nsalu ndikamasoka, ndipo mantha aja anatheratu.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa anakana pemphero langa. Kumva kumene ndinkalira kuti achotse ndi kumene kumayendetsa dzanjali lero. Inu amene mwapemphera koma zinthu sizikusintha, musafulumire kutenga machesi, limbikirani kudikira. Dzanjali limayendera batire, ndipo m'mudzi mwathu mulibe magetsi. Choncho pakapita masiku awiri alionse ndimayenda ulendo wa ku chigayo chomwe chija, ndipo a Saidi amanditchajira osafunsa kanthu. Tsiku limene ndinalimba mtima n'kuwaulula za petulo uja, anatambasula dzanja lawo. Ine ndinatuma langa, ndipo linamvera.