Bondo la Mkamwini

Fexon, Mmalawi woyendetsa boti la usipa ku Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja, anaterereka pathanthwe n'kumenyetsa mutu, ndipo mwini boti anati injini asaigwirenso mpaka achipatala anene kuti ubongo uli bwino. Tsoka lake, dokotala wa tsikulo anali mayi Dativa, apongozi ake enieni, pomwe kwawo kwa Fexon mpongozi sayang'anidwa ndi m'maso momwe.

"Haya, bambo a Mwawi, ndiyang'aneni," anatero mayi Dativa.

"Ndikukuonani, amayi," anayankha Fexon, maso ali pasimenti.

"Mukuona simenti. Maso sakukwera. Tulutsani lilime."

"Ine? Kutulutsira apongozi lilime? Ndinaleredwatu ine!"

"Lilime silikutuluka." Anapukusa mutu mwachisoni. "Finyani dzanja langa."

Fexon anabisa manja onse m'khwapa.

"Mayo, ndi manja omwe! Pole sana, pepani ndithu."

"Si matenda, amayi, ndi ulemu!"

"Unayamba liti? Musanagwe kapena mutagwa?"

"Chibadwire!"

"Ndiye wakhalitsa. Kuchiza kwake n'kovuta."

Anatenga kanyundo ka mphira n'kumugogoda pabondo. Mwendo unafuna kudumpha monga uchitira mwendo wa munthu wabwinobwino, koma kutsogolo kwake kunali apongozi. Fexon anaukanikiza pansi ndi mphamvu zake zonse, thukuta lili kamukamu.

"Mitsempha yagona," anatero mayi aja. "Mawa kuchipatala chachikulu ku Songea, akakujambuleni mutu. Za boti iwalani."

"Aa, amayi! Botilo ndi limene likudyetsa mwana wanu!"

"Mwana wanga Pendo abwerere kwathu ndi kamwanako, ndizikawadyetsa ine."

"Mwati abwerere kuti?"

Apa Fexon anachita mantha enieni. Ntchito ipite, mkazi apitenso, chifukwa cha bondo? Anangoti kukamwa yasa, za mwendo n'kuiwala. Kanyundo kaja sikanaiwale. Go!

Mwendo unauluka wokha n'kuwapeza apongozi pabondo, patapata n'kutulukira pawindo. Fexon anadzigwetsa pansi, n'kugwada, manja ali kumutu.

"Ndafa ine! Ndikhululukireni, amayi! Si ine, ndi mwendowu! Ndipepesa ndi nkhuku! Ayi, mbuzi!"

Mayi Dativa anasisita bondo lawo, akumwetulira ngati munthu wolandira mphatso.

"Chikwatirireni mwana wanga, lero ndiye mwandisangalatsa. Boti mukwera." Anatola kanyundo kaja, n'kuimanso patsogolo pake penipeni. "Khalani pampando, akamwini. Kwatsala mwendo wamanzere."