A Channabasappa ndi Mmero wa Ndege Yosaoneka

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1979 m'mudzi wina kufupi ndi Gadag. Dzina lawo ndi a Channabasappa Ganiger, ndipo ine ndine Netravati, mwana wawo woyamba. Akuntchito anatibweretsera pepala lawo loti ndiwerenge pano, koma pepala limenelo likuti a bambo anafa chifukwa cha kusasamala kwawo. Ndalisiya kunyumba. Ndiwerenga langali, ngakhale sukulu sindinapite nayo patali, mundikhululukire.

Sukulu anayamba mu 1985. Azakhali a Gangamma amati ankamenyana tsiku lililonse, ndipo dzino lakutsogolo lija silinachoke ndi njinga monga ankatiuzira, anawagulula ndi mtsikana. Mu 1999 anamaliza maphunziro a zaumisiri ku Hubballi, ndipo mu 2002 analembedwa ntchito ku fakitale ina ya ndege kunja kwa mzinda uno wa Bengaluru.

Mu 2008 anakwatira amayi, a Girijamma. Akuti tsiku loyamba kuwaona amayi anati, "Ine ndikwatiwe ndi wa gweru uyu? Bola ndife mbeta." Koma onani, tinabadwa atatu.

Zaka zisanu zapitazo anawasankha kukhala m'gulu lopaka khungu la ndege yankhondo yosaoneka ija. Zinali zachinsinsi, koma pampopi pa kwathu aliyense ankadziwa. Sikuti maso saiona ayi, koma makina a adani ofufuza m'mlengalenga amaiyesa mpheta. Mabomba imabisa m'mimba. Imangotsegula pamimba kamphindi n'kulavula, munthu n'kupsa ali kutali asanamve n'komwe kulira kwake. Khungulo likangokandika pang'ono, basi ndege yaonekera. N'chifukwa chake tsiku lina a bambo anapotokola dzanja la mlendo amene anaigwira atavala mphete. Utoto wake unawadya zikhadabo zonse, koma sankadandaula.

Mpweya umalowa mu ndegeyi kudzera m'mimero iwiri yokhota ngati njoka, kuti mipeni yozungulira ya injini ibisike. Munthu akakwawiramo, ngakhale muunike ndi tochi simumuona. Choncho lamulo lawo n'lakuti wolowamo amasiya nsapato zake pansi pa mmero. Nsapato zikakhala pamenepo, injini sailiza.

Lachitatu lapitali linali tsiku lodalitsa zida, ndipo ndege anaiveka nkhata za maluwa. Lachinayi m'mawa anaikokera panja, naika mandimu kutsogolo kwa mateyala kuti iwaponde, monga timachitira ndi mabasi. Anthu onse anali atavula nsapato polemekeza mwambo wa nsembe, zili mulu pakhomo. A bambo anaona maluwa ena atauluzikira mummero. Anathamangira pamulu paja, anatenga nsapato zawo, anaziika pansi pa mmero, kenako n'kukwawiramo kuti akachotse maluwawo. Mwamva bwino? Anaziika.

Izi anaziona ndi maso awo a Rukmini, amene amathira tiyi kumeneko. Iwo anauza azakhali, ine ndili kuseri kwa chitseko, ndipo sindikupepesa. Akuti anatulukira a kapitawo, a Puttaswamy, thukuta lili kamukamu, chifukwa abwana aakulu anali atafika pageti.

"Ndi galu uti waika nsapato pafupi ndi nsembe?" anakalipa motero, n'kuzimenya theche mpaka zinakagwera mungalande.

A Rukmini anati, "Abwana, kodi si za a Channa zimenezo?"

A kapitawo anati, "Iwe mayi, ndege unaidziwira kuti? Thira tiyi uko."

Wansembe anaswa kokonati. A Puttaswamy anakweza dzanja. Woyendetsa ndege analiza injini.

Akuti panamveka ngati mwala wagwera m'chigayo. Ndege yonse inanjenjemera, kumbuyo kunatuluka moto ndi utsi wofiira, magazi anawaza khoma ndi zovala zoyera za alendo. Mipeni ya injini inathyokathyoka, umodzi unaboola chitsulo n'kudula khutu la wansembe. Anthu anapondana pothawa. Woyendetsa uja atatsika anagwada n'kusanza, akudzimenya kumaso. Mandimu sanapondedwe n'limodzi lomwe.

Kwathu munthu timamuika m'manda atakhala tsonga, mukudziwa nonse. A bambo sitinathe kuwakhazika. Zimene zili m'nsalu umo ndinanyamula ndekha ndi dzanja limodzi.

Lachisanu akuntchito anabwera ndi pepala lija, likunena kuti malemu analowa mummero osasiya chizindikiro. Amayi anawagenda ndi mbale ya chitsulo, wina anatuluka magazi pachipumi. Anati, "Munthu mwamupera, tsopano mukufuna mupere ndi dzina lake lomwe? Tulukani, afiti inu!"

Malemu asiya mkazi mmodzi, a Girijamma, ana atatu, ine, Savitri ndi Mallika, komanso abale awo anayi.

M'malo mwa banja ndikuthokoza amalume a Basavanneppa pokumbitsa manda, amayi a pampopi pophika chapati cha mapira masiku atatu, ndi woyendetsa ndege uja amene wabwera yekha popanda womutuma, wangokhala pansi apo. Koposa ndikuthokoza a Rukmini. Akuntchito anawauza kuti akatsegula pakamwa ntchito yatha, koma ndi awo akhala kutsogolo, ndipo ati adzanena zomwezi kulikonse kumene angawaitane.

A Puttaswamy, zikomo chifukwa cha nkhata yaikulu kuposa zonse. Ndakuonani, mwaima kuseri kwa mtengo wa mango uko. Anandiuza kuti ine ndikatha mulankhula ndinu m'malo mwa akuntchito. Bwerani kutsogolo kuno, amalume akupatsani njira.

A bambo, mulungu wathu Shiva akulandireni. Simunalakwe ndinu, ndipo anthu onsewa amva. Usani mumtendere.